Mtengo Weniweni wa Ndolo Zotchipa

Mukaima pamsika wa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Limbe m'mawa umene belo latsegulidwa, mudzaona mmene mayi amagulira diresi. Amalitola pamulu, n'kulikutumula, n'kulitembenuza. Amayang'ana m'khwapa ngati mwasuluka, amakoka msoko kuti amve ngati ulusi uli wolimba, amatsegula zipi n'kutsekanso, kenako amalitambasula padzuwa kufunafuna kabowo kobisika. Akakhutira m'pamene amayamba kunenerera, ndipo sanenerera mwachibwana. Koma mayi yemweyo akasuntha mapazi pang'ono n'kufika pathebulo la ndolo, matcheni ndi zibangili, nzeru zonse zija amazisiya pakaunjika paja. Amaloza chimene chikunyezimira, amachigunditsa kukhutu, amadziyang'ana pakagalasi ka wogulitsa, n'kutulutsa ndalama.

Amuna asadzichotsemo. Mnyamata amene amachedwa kuyesa jinzi ndi yemweyo amene amagula tcheni cha m'khosi ndi wotchi yonyezimira ali pawindo la minibasi, kondakitala akuitanira. Tinthu tokometsera zovala timalowa m'nyumba zathu osafunsidwa mafunso awiri amene chovala chilichonse chimafunsidwa: chapangidwa ndi chiyani, nanga ndalama yake ichokera pati? Timangoti n'tating'ono. Mwana wa mkulu wanga nayenso ankatero, ndipo zimene zinamugwera ndi zimene zandigwiritsa cholembera.

Anayamba ntchito mu 2023 pa ofesi ina mumzinda wa Lilongwe, pamalo olandirira alendo. Zovala anali nazo zochepa koma zabwino: masiketi awiri akuda, mabulauzi angapo a pakaunjika osankhidwa mosamala, ndi diresi la chitenje limene telala wa pakhonde ku Kawale anamusokera molingana ndi thupi lake. M'makutu ankavala tindolo tating'ono ta siliva timene mayi ake anamupatsa atakhoza mayeso a Fomu 4. Akachapa ndi kusita, palibe akanadziwa kuti malipiro ake ndi a munthu wongoyamba kumene. Ndinkamunyadira.

Chinayambitsa zonse ndi chikwama. Pa ofesipo panali mayi wina wa geni amene ankakwera basi kupita ku Dar es Salaam kukapikula ku Kariakoo, n'kubwerako ndi zikwama, nsapato, mawigi ndi timabokosi ta ndolo. Amayi otere ali pafupifupi pa ofesi iliyonse, ndipo ambiri ndi anthu akhama amene akulipirira ana sukulu ndi geni yomweyo, sindikuwanena iwo. Katundu amamutsegula nthawi ya nkhomaliro, kuseri kwa desiki, ndipo mawu awo sasintha: “Tengani asisi, ndalama si nkhani, mudzapereka mwezi ukatha.” Dzina limalembedwa m'kakope, chikwama n'kulowa m'manja. Munthu samva kupweteka chifukwa palibe ndalama imene yachoka m'thumba tsikulo.

Chikwamacho chinali chofiirira, cha tcheni chooneka ngati chagolide. Atachikoleka paphewa m'mawa mwake, nsapato zake zakuda zimene dzulo zinali zabwinobwino zinaoneka zotopa. Anatenga gogoda zofiirira. Gogoda zinaitana lamba. Tsono tcheni cha pachikwama sichinkagwirizana ndi tindolo ta siliva tija, choncho anativula n'kutiponya m'kabotolo, n'kugula ndolo zachikasu, ndi kamkanda kake, ndi wotchi yake.

Msampha umenewu si wa lero ndipo si wathu tokha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1760, Denis Diderot, mlembi wotchuka wa ku France, analemba kankhani kodandaula za mkanjo watsopano wofiira umene anapatsidwa ngati mphatso. Mkanjowo utalowa m'nyumba, mpando wake wakale, thebulo ndi zithunzi za pakhoma zinayamba kuoneka zosayenera kukhala pafupi nawo, ndipo zinasinthidwa chimodzichimodzi. Mu 1988 katswiri wa chikhalidwe cha anthu Grant McCracken anatcha khalidwe limeneli ndi dzina la Diderot yemweyo. Chinthu chimodzi chatsopano chimanyozetsa zakale zonse zozungulira. Diderot analibe foni, ndiye panafika poti n'kuleka. Mwana wathuyu anali nayo.

M'foni mwake anali ndi malo apadera osungiramo zithunzi za zinthu zimene ankati adzagula. Zina ankazikopera pa masitetasi a WhatsApp a ogulitsa, zina pa Facebook, zina pa TikTok ndi Instagram. Anali ndi chifukwa chomveka: ankati mndandandawo umamuthandiza kuti asamangogula mwachisawawa. Chimene sanadziwe n'chakuti masamba amenewa amayeza nthawi imene diso lako laima pachithunzi. Ukachedwa pa nsapato lero, mawa akubweretsera nsapato zambiri; ukatsegula chithunzi cha ndolo, sabata yonse ndi ya ndolo. Mndandanda wa mayi wopita kumsika umatha: mchere, sopo, mafuta, akagula amafufuta n'kubwerera kunyumba. Wa m'foni ukachotsapo chimodzi pamabwera zitatu, chifukwa amene akuulemba si mwini foni ayi. Akuulemba ndi ogulitsa, ndipo wogulitsa sangalembe mzere womaliza. Pansi pa chithunzi chilichonse pamakhala timawu tofulumizitsa: zatsala ziwiri zokha, mtengo ukwera Lolemba.

Onjezanipo maukwati. Kuyambira August mpaka December Loweruka lililonse limakhala ndi mwini wake: chinkhoswe, phwando lolangiza mkwatibwi, ukwati weniweniwo. Komiti iliyonse imasankha mtundu wake wa zovala, ena amagulitsanso nsalu yawoyawo. Nsalu ikasokedwa imafuna nsapato zake, kachikwama ka m'manja, ndolo ndi duku, kuwonjezera pa ndalama ya perekaniperekani. Ndipo popeza zithunzi zimaikidwa pa intaneti tsiku lomwelo, atsikana ambiri amachita manyazi kuoneka kawiri ndi mkanda umodzi. Manyazi amenewa amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa sindinaonepo mkwatibwi amene anakumbukira ndolo za mlendo wake.

Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imene inali pa K1,180 inafika pa K1,700, ndipo apa n'kuti mu May 2022 itagwetsedwanso kale ndi 25 peresenti. Chilichonse chochokera kunja chinalumpha mtengo: za ku Kariakoo, za ku Johannesburg, za ku China. Malipiro ake sanasunthe. Munthu akanaganiza kuti mndandanda uja ufupika, koma sunafupike. Chimene chinatsika ndi mtundu wa zinthu zimene ankagula. Anasiya za mayi wa ku ofesi n'kuyamba za pakhadibodi m'mbali mwa msewu, zija amamata ndolo khumi ndi ziwiri papepala limodzi. Nyengo yomweyo, pokonzekera ukwati wa mnzake, anakaboola mabowo ena awiri kumtunda kwa khutu lamanzere, pachichereŵechereŵe, chifukwa anaona kuti ndi zimene zili m'fasho. Anaboolera pasaluni ina ya mumsika, ndipo m'mabala aŵisiwo analowetsamo ndolo za papepala zija.

Za ndalama zinayenda motere. Mayi wa geni ankafuna zake mwezi ukatha, ndipo anali ndi ufulu wonse. Kuti amulipire n'kutsala ndi ya lendi, mwanayu ankakongola ku banki m'khonde kumene anali ndi masheya. Amene ali m'magulu amenewa akudziwa kuti December ikamayandikira ngongole zonse ziyenera kubwezedwa kuti anthu agawane, ndipo wolephera amamutengera katundu anthu akuona. Poopa manyazi amenewo anapita kwa bambo wina wa katapila. Anatapa K100,000 kuti mwezi ukatha abweze K150,000. Chikole chinali khadi lake la kubanki pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi. Malipiro akangolowa, bamboyo ankayamba ndi iye kukatapa. Mwezi umene sanakwanitse yonse, ankachotsa K50,000 ya chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeni n'kukhala chikhalire. Zonsezi sanauze munthu. Ku ofesi ankafika atatchena, masana n'kumati sakumva njala.

Anabwera kwathu Loweruka lina dzuwa likuswa mtengo, atamanga duku mpaka kuphimba khutu.

“Mwanawe, bwanji duku kutentha konseku?”

“Amayi aang'ono, musandikalipire. Taonani kaye.”

Atamasula dukulo ndinagwira pakamwa. Kuseri kwa khutu, pamene panali bowo lakumtunda, panamera chotupa cholimba, chosalala, chonyezimira, chakuda kuposa khungu lozungulira, kukula kwake ngati nzama. Pabowo linalo panali kena kakang'ono kongoyamba kumene. M'munsi mwa makutu onse awiri, mmene anaboola ali mwana ndipo simunavutepo, khungu linali lokhakhala, long'aluka, likutuluka timadzi n'kuuma nkhanambo. Ndinamugwira dzanja: pamene pamakhala wotchi panali chigamba chakuda chozungulira, chofanana ndendende ndi kuseri kwa wotchiyo. Anakweza bulauzi pang'ono, ndipo pansi pa mchombo, pamene batani la jinzi limakhudza, panali chigamba china chokandidwakandidwa.

“Zinayamba liti?”

“Kalekale. Poyamba kunkangoyabwa. Ndinkapaka spirit, kenako Vaseline. Anzanga anati ndi magazi oipa.”

“Nanga ndolozo unasiya kuvala?”

Anawerama. Sanasiye, chifukwa popanda ndolo chilondacho chinkaonekera, ndiye ankachibisa ndi ndolo zazikulu. Ali chiweramire choncho ananenanso china chija: “Amayi aang'ono, khadi langa la kubanki lili kwa munthu.”

Tsiku lotsatira ndinapita kumene ankachita lendi, ndipo ndinamuuza atulutse zonse. Tinayala mphasa n'kukhuthulirapo. Panali ndolo zambiri zopanda zinzake. Matcheni amene ankaoneka agolide anali atasupuka, pena pofiirira pena potuwa, ena atapiringizana moti sakanamasulika. Zibangili zinali ndi dzimbiri m'kati. Magalasi a dzuwa anali othyoka mwendo. Chikwama chofiirira chija, chimene chinayambitsa ulendo wonse, chinali chikusenda m'makona ndi pachogwirira, tizidutswa take tikumatirira m'manja. Sichinali chikopa. Zikwama zambiri zotere ndi nsalu yokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kotchedwa polyurethane, ndipo kutentha ndi chinyezi zimakaphwanya ngakhale chikwamacho chitangokhala m'kabati osagwiritsidwa ntchito. Chikopa chenicheni mukachiyang'ana m'mphepete modulidwa kapena kuseri mumaona timaubweya tolukanalukana, osati ulusi wa nsalu, ndipo chikakalamba chimafewa m'malo mosenda. Pamulu wonsewo panalibe chinthu chimene akanagulitsa kuti achepetse ngongole. Mayi ake atamva anangoti, “Chikomekome cha mkuyu,” n'kuyamba kulira.

Za ngongole anazigwira atsibweni ake. Anapita okha kwa bambo wa katapila, anawerengetsa zonse zimene anali atatenga kale, analipira yotsala n'kubwerako ndi khadi. Tsiku lomwelo mwanayu anakasintha nambala yachinsinsi. Ndalamayo sinali mphatso. Akubweza kwa atsibweni akewo pang'onopang'ono, popanda chiwongoladzanja. Si aliyense ali ndi atsibweni otere, ndipo ndikaganiza za atsikana amene alibe, tulo timandithawa.

Za khutu zinali zovuta kuposa pamenepo. Kuchipatala, kumbali yoona matenda a pakhungu, dokotala anangoyang'ana padzanja ndi pamchombo n'kudziwa. “Achemwali, mavuto muli nawo awiri osiyana. Loyamba, thupi lanu ladana ndi chitsulo chotchedwa nickel. Lachiwiri ndi chotupachi.”

Nickel ndi chitsulo chotchipa, cholimba, chowala bwino, n'chifukwa chake opanga ndolo zotsika mtengo amachikonda. Amachisakaniza ndi zitsulo zina kapena amachiyala pansi, pamwamba n'kupaka kautoto kopyapyala ka golide. Kautotoko kakasupuka, thukuta limasungunula nickel pang'onopang'ono n'kumulowetsa m'khungu. Pakhungu labwinobwino zimatenga nthawi, koma pabala laliŵisi la kuboola khutu chitsulocho chimakumana ndi thupi mwachindunji usana ndi usiku, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amayambira vutoli. Chitetezo cha m'thupi chikangomuzindikira nickel ngati mdani, sichiiwalanso. Palibe mankhwala ochotsa chidanicho. Munthu amakhala nacho moyo wake wonse. Mafuta a kuchipatala amaziziritsa kuyabwa ndi kupoletsa zilonda, koma chitsulocho chikakhudzanso, zimayambiranso. Chimasokoneza anthu n'chakuti kuyabwa sikubwera nthawi yomweyo. Kumayamba patapita maola ambiri, mwina tsiku limodzi, awiri kapena atatu, munthu atavula kale ndolo zija, ndiye amanamizira sopo, chakudya, kapena magazi. Pakhungu lathu lakuda sipafiira kwenikweni ngati mmene mabuku ambiri amasonyezera. Pamada, pamakhakhala, ndipo chigambacho chimachedwa kuchoka ngakhale kuyabwa kutatha.

Ndipo nickel sali m'ndolo mokha. Ali m'mabatani a jinzi, m'zitsulo za malamba, m'tingowe ta bra, m'mazipi, m'miyendo ya magalasi, kuseri kwa mawotchi. Mtsikana amene ankafuna kuwonjezera zovala tsopano ayenera kuyang'ana chitsulo chilichonse chimene chikhudze thupi lake. Kuseri kwa batani la jinzi iliyonse telala anamusokerapo kansalu.

Maiko ena anaona vutoli kalekale. Denmark inayamba kuika malire cha m'ma 1990, ndipo mu 1994 European Union inakhazikitsa lamulo lakuti chinthu chokhala pakhungu nthawi yaitali chisatulutse nickel wopitirira 0.5 microgram pa sikweya sentimita imodzi pa sabata. Microgram ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu. Mu 2004 malire a kachitsulo kolowa m'bowo la khutu anawaika pa 0.2. Ku Denmark madokotala anaona kuti atsikana odana ndi nickel anachepa lamulolo litayamba kugwira ntchito. Izi zikutiuza kuti vutoli si tsoka kapena magazi oipa; limachokera ku zimene fakitale yasankha kuika m'chitsulo. Ndolo za papepala la m'mbali mwa msewu zilibe dzina la wopanga, zilibe chizindikiro, ndipo wogulitsayo nayenso sadziwa zimene zili m'katimo. Akati “izi sizisuluka, madamu,” akungobwereza zimene anauzidwa kopikula.

Pali china choopsa kwambiri chimene ndikufuna amayi oyamwitsa amve. Zina mwa zokometsera zotchipazi zimakhala ndi mtovu kapena cadmium, zitsulo zapoizoni zimene zimapangitsa kanthu kulemera ngati kamtengo wapatali. Mu February 2006 mwana wa zaka zinayi wa ku Minneapolis, ku America, anamwalira atameza kachitsulo kooneka ngati mtima ka pachibangili chimene chinkaperekedwa mwaulere pogula nsapato za Reebok. Atakayeza anapeza kuti pafupifupi konse kanali mtovu, ndipo kampaniyo inaitanitsa zibangili pafupifupi 300,000 kuti zibwezedwe. Mu 2010 atolankhani a Associated Press anapezanso cadmium wambiri m'tizibangili ta ana togulitsidwa m'masitolo a ku America. Ngati zinadutsa kumene kuli oyeza, nanga pathebulo la pamsika? Tonse tinaonapo khanda lili pamiyendo pa mayi ake mutchalitchi likuyamwa tcheni cha m'khosi, mayiyo n'kumasangalala kuti mwana watonthola. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo palibe mlingo wake umene madokotala amati ndi wabwino. Tcheni chimene simukudziwa chitsulo chake chisalowe m'kamwa mwa mwana.

Wina asandimve ngati ndikudana ndi kutchena. Agogo athu ankatchena. Ankavala mikanda m'khosi ndi m'chiuno, zibangili m'manja, ndipo mpaka lero mukapita ku mwambo wa Angoni ku Ntcheu kapena ku Mzimba mudzaona mikanda yolukidwa mwaluso loti maso sakhuta. Kudzikongoletsa ndi ulemu umene munthu amadzipatsa, ndipo mtsikana wolandira alendo pa ofesi ayeneradi kuoneka bwino. Chimene ndikukana ndi mndandanda wolembedwa ndi munthu wina, wolipiridwa ndi ndalama ya mwezi umene sunafike.

Mndandanda wabwino umalembedwa chitseko cha kabati chili chotsegula, foni ili patali. Umayamba ndi zimene uli nazo: siketi iyi ndimaivala kawirikawiri, ikusowa chiyani? Kawirikawiri yankho limakhala chinthu chimodzi, lamba wakuda wachikopa kapena nsapato yafulati yolimba, ndipo chinthucho chimagwirizana ndi zovala zisanu, osati chimodzi. Chimene chikufuna kuti ugulenso zina zitatu kuti chioneke bwino, chimenecho ndi chija cha Diderot, chisiye. Chimene wachilakalaka lero chidikire mpaka malipiro alowe, lendi ndi chakudya zichoke. Ngati ukuchifunabe, ukagule ndi ndalama ili m'manja, ndipo udzaona kuti zambiri zimafera m'njira. Masiku ano ngakhale kaunjika sakuseweretsa: mu February 2025 ogulitsa anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kudandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Ndalama ya zovala yachepa mphamvu, ndiye siyenera kumwazikira pa tinthu tosafika Khirisimasi.

Telala wa pakhonde timamupeputsa. Mukasoketsa diresi, funsani zidutswa zotsala. Zimatuluka duku, lamba wansalu, ngakhale kachikwama ka m'manja, zogwirizana ndi diresilo kuposa chilichonse cha m'sitolo. Mikanda yagalasi, yamtengo kapena yambewu siyabwitsa, bola kangowe kake kasakhale ka chitsulo chokayikitsa. Ndipo ngati mukufuna chitsulo, kuli bwino ndolo ziwiri zenizeni kusiyana ndi mulu. Siliva weniweni amadindidwa 925, kutanthauza magawo 925 mwa 1,000. Golide amadindidwa 375, 585 kapena 750, ndiye kuti makarati 9, 14 kapena 18. Zilembo GP zimatanthauza kuti golideyo ndi wongopaka pamwamba. Chidindo chimatha kukhala chabodza, choncho gulani kwa munthu amene mungamupezenso mawa. Maginito amathandiza mbali imodzi yokha: chikakakamira, si golide ndipo si siliva, chikapanda kukakamira sindiye kuti n'chenicheni, poti mkuwa nawo sukakamira. Khungu likasanduka lobiriwira pansi pa mphete, umenewo ndi mkuwa ndipo zimachoka ndi sopo. Likayabwa, likatuluka timatuza, vulani tsiku lomwelo ndipo musabwezerenso. Kupaka polishi wa zikhadabo woonekera m'kati pachitsulo kumatchinga masiku ochepa chabe, kenako amasenda. Kwa amene thupi ladana kale ndi nickel, titanium, siliva wa 925 ndi golide wachikasu wa makarati okwera ndi zimene kawirikawiri sizivuta; golide woyera nthawi zina amakhala ndi nickel. Tindolo ta mayi ake tija titatuluka m'kabotolo, tinapezeka kuti tili ndi 925 kuseri. N'chifukwa chake zaka zonsezo makutu ake anali pamtendere.

Chotupa chija dzina lake ndi keloid. Ndi chipsera chimene chimapitiriza kukula bala litapola kale, mpaka kupitirira malire a balalo. Chimakonda anthu a khungu lakuda kuposa ena, chimakonda achinyamata, chimayenda m'magazi a banja, ndipo khutu ndi amodzi mwa malo amene chimamera kwambiri, pamodzi ndi pachifuwa ndi m'mapewa. Sichituluka nthawi yomweyo. Pamatha miyezi bala litaoneka ngati latha. Bala lochedwa kupola, lotukusira kapena lokhalira kukandidwa limachipatsa mpata, ndipo kumtunda kwa khutu kumachedwa kupola chifukwa magazi amafikako ochepa. Mabowo a mwana wathuyu sanapatsidwe mpata wopola n'komwe, poti nickel ankawayabwitsa tsiku ndi tsiku. Dokotala anafunsa ngati kubanja kuli wina wa zipsera zotupa. Tinakumbukira kuti agogo ake aakazi anali ndi chotere pachifuwa, pamene anatemera mphini. Funso limenelo likanafunsidwa asanakhale pampando wa pasaluni paja.

Mnzake wina anali atamulangiza kuti amange chotupacho ndi ulusi kuti chifote chigwe, wina anati achidule ndi lezala. Mwamwayi anachita mantha. Keloid ikadulidwa popanda chithandizo china nthawi zambiri imameranso, ndipo imabwera yaikulu kuposa poyamba, chifukwa kudulako ndi bala latsopano. Kuchipatala amayamba ndi jakisoni wa steroid wobaya m'chotupa momwemo, mobwerezabwereza pakapita masabata angapo, kuti chifewe ndi kuphwa. Amapweteka, ndinamugwira dzanja ulendo woyamba ndipo zikhadabo zake zinandilowa. Kakang'ono kaja kanaphwa msanga chifukwa kanapezedwa kakadali kanthete. Chachikulucho chafewa ndipo chasiya kuyabwa, koma chikadalipo, ndipo adokotala anati za opaleshoni adzaziganizira pambuyo pake, limodzi ndi jakisoni wina wotsatira kuti chisabwerere. Anamuletsa kuboolanso paliponse pathupi, ngakhale kudinda tattoo. Mng'ono wake amene ali Fomu 3 ankafuna kuboola bowo lachiwiri tchuthi chikubwerachi, ndipo banja lonse lamukaniza.